Shuga wakupezani: musinthe kadyedwe, mumwe mapiritsi kapena mubaye jakisoni?

Munthu akangouzidwa kuchipatala kuti ali ndi shuga, alangizi amachuluka. Apongozi amati ingosiyani nsima yoyera, muchira. Mnzake wa kuntchito amati mapiritsi ukawayamba suwasiyanso, bola osayamba n'komwe. Wina amafika ndi botolo la zitsamba limene analimva pa wailesi. Ndipo pafupifupi onse amagwirizana kuti jakisoni ndi wa anthu amene atsala pang'ono kutisiya. M'malangizo amenewa muli zoona pang'ono, koma bodza ndiye lambiri.

Tikunena pano za shuga wa mtundu wachiwiri, amene amagwira anthu pafupifupi 9 mwa 10 alionse odwala shuga, makamaka akuluakulu. M'thupi muli kapamba amene amatulutsa insulini, ndipo insuliniyo ndi imene imachititsa kuti shuga wochokera m'zakudya achoke m'magazi n'kulowa m'minofu kukagwira ntchito. Pa matendawa minofu imasiya kumvera insulini. Kapamba amalimbikira kutulutsa yochuluka, zaka n'kumapita, mapeto ake amatopa. Kutopa kwa kapambaku ndi kumene kumachititsa kuti njira imene inakuthandizani chaka choyamba iyambe kuperewera patsogolo, ngakhale inu musanalakwitse chilichonse. Ndipo si matenda a mabwana okha monga tinkanenera kale. Kafukufuku wa STEPS wa 2009, amene Unduna wa Zaumoyo unachita mothandizidwa ndi bungwe la WHO, anapeza kuti Amalawi 5.6 pa 100 alionse a zaka 25 mpaka 64 anali ndi shuga wokwera, akumudzi omwe ali m'gulumo.

Poyamba, kodi ndi shugadi?

Zizindikiro zake n'zodziwika: ludzu losatha, kudzuka kangapo usiku kukataya madzi, kutopa, kuonda ukudya bwinobwino, kuona mwachimbuuzi, zilonda zochedwa kupola, dzanzi kumapazi, mauka obwerabwera kwa amayi, ndi kufooka kuchipinda kwa abambo. Vuto n'lakuti kuno munthu akayamba kuonda maganizo amathamangira ku HIV kapena TB, ndipo akapezeka kuti alibe amabwerera kunyumba mtima uli m'malo, shuga osayezedwa. Ena ambiri alibe chizindikiro chilichonse kwa zaka.

Njira yofulumira ndi ya kamakina kobaya chala. Mukayezedwa nthawi ina iliyonse, mutadya kale, nambala ikafika 11.1 ndipo zizindikiro zilipo, ndi shuga ameneyo. Koma nambala yotsikirapo masana siikutsimikizira kuti muli bwino, chifukwa imatengera zimene mwadya ndi nthawi imene mwadyera. Yodalirika kwambiri ndi yoyeza m'mawa mutakhala maola 8 osadya kanthu, osamwa ngakhale tiyi, madzi okha. Apa malire ndi 7.0. Ngati mulibe zizindikiro, kuyezaku kubwerezedwe tsiku lina musanayambe mankhwala. Pakati pa 6.1 ndi 6.9 ndiye kuti muli pakhomo pa matenda, simunalowe.

Musadabwe mnzanu akanena kuti shuga wake ali pa 180 pamene wanu ali pa 10. Makina ena amawerenga mu mg/dL, ena mu mmol/L, ndipo mukachulukitsa nambala yaing'onoyo ndi 18 mumapeza yaikuluyo. Choncho 7.0 ndi 126, 11.1 ndi 200, ndipo inu ndi mnzanuyo muli pamodzimodzi.

Palinso njira ina yoyezera magazi yotchedwa HbA1c, imene WHO inavomereza mu 2011 kuti izigwiritsidwa ntchito popeza matendawa. Imeneyi imaonetsa mmene shuga wakhalira pa miyezi iwiri kapena itatu yapitayo, siifuna kusala kudya, ndipo simungainamize podya bwino dzulo lokha. Malire ake ndi 6.5 peresenti, kapena 48 kwa amene muli ku Britain kumene amawerenga mwa mtundu wina. Kuipa kwake n'kwakuti ndi yodula, siipezeka paliponse, komanso imadalira kuti maselo ofiira a magazi akhale abwinobwino. Munthu wochepa magazi, amene wangodwala kumene malungo, wa sickle cell, woyembekezera kapena amene wangoikidwa magazi, nambala yake ikhoza kunama. Mavuto amenewa kwathu kuno ndi a tsiku ndi tsiku, n'chifukwa chake ine ndimaona kuti kuyeza m'mawa musanadye, kawiri, n'kokwanira kwa anthu ambiri, ndipo HbA1c ndi yothandiza kwambiri pambuyo pake, poona ngati chithandizo chikugwira.

Njira yomwetsa munthu madzi a shuga wa magalamu 75 n'kumuyeza patatha maola awiri imagwiritsidwa ntchito makamaka kwa amayi oyembekezera. Za nyerere kuunjikana pamkodzo zija n'zoona, koma shuga amayamba kutayikira mumkodzo akadutsa cha m'ma 10, kutanthauza kuti nyerere zimadziwa mochedwa.

Kusintha kadyedwe ndi kuyenda

Iyi si njira yosankha. Kaya mumwa mapiritsi kaya mubaya jakisoni, mbale yanu iyenera kusintha. Funso lenileni n'lakuti kodi payokha ingakwanire?

Tiyambe ndi zakumwa, chifukwa ndi kumene shuga wambiri amalowera mosaonekera. Tiyi wa masipuni atatu m'mawa, Sobo masana, Fanta pamsonkhano, thobwa lotsekemera kumaliro. Munthu akangochotsa zimenezi, nambala imatsika asanakhudze n'komwe nsima. Uchi ndi shuga wabulauni si zothawirako, ndi shuga yemweyo. Nzimbe nazo chimodzimodzi. Nyengo ya mango, bango limodzi silipha munthu, koma kukhala pansi pa mtengo ndi beseni ndi nkhani ina.

Nsima ndiye imabweretsa mkangano. Uthenga wofala ndi wakuti mgaiwa ndi wabwino kuposa ufa woyera, chifukwa uli ndi gaga ndipo umakhalitsa m'mimba. Koma anthu amamva theka la uthengawu. Amasiya mitanda itatu yoyera n'kuyamba mitanda itatu ya mgaiwa, kenako n'kumadabwa kuti nambala siikusuntha. Chimene chimasuntha nambala ndi kuchuluka kwake. Taonani mbale ya masana ya m'nyumba zambiri: nsima yadzaza, ndiwo zili pakona, kasupuni kamodzi ka mpiru ndi usipa usanu. Mbale ya wodwala shuga itembenuke. Theka likhale masamba, kaya bonongwe, nkhwani, chisoso, therere kapena kabichi. Gawo limodzi mwa magawo anayi likhale nyemba, nandolo, khobwe, dzira, matemba kapena nyama. Gawo lotsalalo ndiye la nsima, mtanda umodzi wonga chibakera chanu. Mpunga, mbatata, chinangwa, kondowole ndi buledi zonse zimalowa pa gawo la nsima lomwelo, sizibwera ngati zoonjezera. Mandasi ndi tchipisi za pachiwaya zikhale za mwa apo ndi apo.

Kunena n'kosavuta. M'nyumba zambiri mphika ndi umodzi, ndipo amene amaphika si amene akudwala. Bambo akapezeka ndi shuga, mayi ayenera kupita nawo kukliniki kuti akamve okha. Komanso tinakula tikudziwa kuti mlendo wosiya nsima m'mbale wanyoza. Pamafunika kulimba mtima kunena kuti pepani, adokotala anandiletsa.

Pa zolimbitsa thupi, muyezo ndi mphindi 150 pa sabata, monga kuyenda ndawala mphindi 30 masiku asanu. Wolima ndi khasu kapena wopalasa kabaza wakwanitsa kale. Uthengawu ndi wa amene timachoka pampando wa minibasi n'kukakhala pampando wa muofesi. Kuyenda pang'ono mukangotha kudya kumathandiza, chifukwa minofu ikamagwira ntchito imakoka shuga m'magazi.

Umboni woti njirayi ndi yamphamvu ulipo. Ku America, kafukufuku wa Diabetes Prevention Program amene zotsatira zake zinatuluka mu 2002 anatenga anthu amene anali pakhomo pa matenda. Amene anachepetsa thupi n'kumachita zolimbitsa thupi, chiopsezo chawo chodwala shuga chinatsika ndi 58 peresenti, pamene omwa mapiritsi a shuga otchedwa metformin chinatsika ndi 31 peresenti. Ku Britain, kafukufuku wa DiRECT wotsogozedwa ndi Roy Taylor ndi Mike Lean anaonetsa mu 2017 kuti anthu 46 pa 100 alionse amene anaikidwa pa zakudya zochepa kwambiri kwa miyezi ingapo, shuga wawo anabwerera m'malo popanda mapiritsi patatha chaka. Mwa amene anataya makilogalamu 15 kapena kuposa, anali 86 pa 100.

Koma nambala zimenezi muziwerenge mosamala. Anthu a mu DiRECT anali onenepa, anali atadwala zaka zosapitirira 6, ndipo ankayang'aniridwa ndi achipatala. Patatha zaka ziwiri otsala osamwa mapiritsi anali 36 pa 100. Kwathu kuno odwala shuga ambiri si onenepa n'komwe. Munthu wa makilogalamu 58 alibe 15 oti ataye, ndipo vuto lake nthawi zambiri ndi kapamba amene sakutulutsa insulini yokwanira. Kumuuza kuti adzimane chakudya n'kumupweteka. Ndiye kadyedwe pakokha n'koyenera kuyesa kwa miyezi itatu ngati muli onenepa, nambala yangodutsa malire pang'ono, ndipo mulibe zizindikiro. Miyezi itatuyo ikatha nambala ili pomwepo, musanyengerere.

Metformin

Awa ndiwo mankhwala oyambira pafupifupi dziko lonse lapansi, kwa olemera ndi osauka omwe. Ndi akale, dokotala wa ku France Jean Sterne anayamba kuwapereka kwa odwala shuga mu 1957, ndipo kutchipa kwake kusakupusitseni kuti ndi achabechabe. Amaletsa chiwindi kuthira shuga wambiri m'magazi ndiponso amathandiza minofu kumvera insulini. Sanenepetsa, ndipo paokha satsitsa shuga mpaka kukomola munthu. Kafukufuku wamkulu wa UKPDS wa ku Britain anaonetsa mu 1998 kuti mwa odwala onenepa, metformin anachepetsa matenda a mtima ndi imfa.

Chimene chimagwetsa anthu ulesi ndi m'mimba: nseru, mpweya, kutsegula. Ambiri amasiya sabata yoyamba yomweyo n'kumati mankhwalawa sakundiyanja. Kawirikawiri vutoli limatha mukayamba pang'ono, 500 mg kamodzi patsiku, pakati pa chakudya osati m'mimba muli pululu, n'kumakweza pang'onopang'ono monga adokotala anenera mpaka cha m'ma 2,000 mg ngati pakufunika. Akamwedwa zaka zambiri amatha kuchepetsa vitamini B12, ndipo dzanzi lake limafanana ndi la shuga, choncho ndi bwino kulitchula kukliniki. Amene impso zawo zafooka kwambiri sayenera kumwa, n'chifukwa chake magazi a impso ayezedwe poyamba komanso chaka ndi chaka. Mukadwala kusanza kapena kutsegula m'mimba kwambiri, amayamba aimitsidwa kaye mpaka mutayambanso kudya ndi kumwa.

Pali mfundo ina yofunika kwambiri kwa ife. Kuyambira 2019 anthu ambiri omwa ma ARV ku Malawi anasinthidwira ku mankhwala okhala ndi dolutegravir, ndipo dolutegravir amachulukitsa metformin m'magazi. Pa chifukwa chimenechi mlingo wa metformin umachepetsedwa, kawirikawiri osapitirira 1,000 mg patsiku. Ngati mumalandira ma ARV kwina, mankhwala a shuga kwina, mbali zonse ziwiri zidziwe. Kubisa apa n'kudzipweteka nokha.

Glibenclamide ndi gliclazide

Metformin akaperewera, m'zipatala zathu kawirikawiri amaonjezera glibenclamide. Iyeyu ndi mbale wake gliclazide amagwira ntchito mofinya kapamba kuti atulutse insulini yambiri. Amatsitsa shuga msanga, ndi otchipa, ndipo amapezeka. Koma safunsa ngati mwadya. Mukamwa m'mawa n'kupita kudimba osadya, kapena basi n'kufera panjira, kapena muli pa kusala kudya kwa kutchalitchi kapena kwa Ramadan, iwo amapitiriza kutsitsa shuga.

Shuga akatsika kufika pansi pa 3.9, kapena 70 pa makina enawo, munthu amanjenjemera, amatuluka thukuta lozizira, mtima umagunda, njala imamugwira yadzaoneni, kenako amayamba kulankhula zosamveka ngati waledzera. Apa shuga amene tamuletsa uja ndiye mankhwala: masipuni ang'onoang'ono atatu kapena anayi a shuga m'madzi, kapena theka la botolo la Fanta, kenako chakudya chenicheni. Akakomoka musamuthire kanthu m'kamwa, thamangirani naye kuchipatala. Glibenclamide amakhalitsa m'thupi, moti shuga akhoza kutsikanso patapita maola. N'chifukwa chake WHO imati si woyenera anthu opitirira zaka 60, ndipo kwa agogo okhala okha kapena munthu wa impso zofooka, gliclazide ndi wabwinopo. Mowa, makamaka kachasu wa m'mimba mopanda kanthu, umakulitsa ngoziyi usiku munthu ali mtulo.

Ndiye posankha pakati pa awa ndi ena, dzifunseni moona mtima ngati mumadya pa nthawi yake tsiku lililonse. Miyezi ya njala, Januwale ndi Febuluwale, pamene mabanja ena amadya kamodzi patsiku, mlingo umene unali bwino mu Juni ukhoza kukhala woopsa. Zimenezi muwauze adokotala, si zochititsa manyazi.

Insulini

Mbiri yoipa ya jakisoni inabwera chifukwa anthu amamuyamba mochedwa, impso ndi maso zitaonongeka kale, ndiye akamwalira achibale amati wawapha ndi jakisoni. Chikhalirecho insulini ndi chinthu chomwe thupi lanu limapanga, ndipo yakhala ikupulumutsa anthu kuyambira 1922, itangopezeka ku Toronto. Palibe mankhwala otsitsa shuga kuposa iyo. Imafunika shuga akakwera kwambiri munthu n'kumaonda, mapiritsi akafika pamapeto nambala osatsika, impso zikafooka, pa nthawi ya pakati, kapena pa matenda aakulu ndi opaleshoni. Ena amabaya kwa kanthawi chabe, shuga akakhazikika n'kubwerera ku mapiritsi.

Ilipo yoyera ngati madzi, yogwira msanga, ya pa chakudya. Ilipo yamtundu wa mkaka yogwira pang'onopang'ono, ndi yosakaniza zonse ziwiri imene ambiri amabaya m'mawa ndi madzulo asanadye. Yamkakayo musaikhutchumule, ipukuseni pakati pa zikhato mpaka isakanikirane. Bayani pamimba kapena pantchafu, kusinthasintha malo, chifukwa pamalo pamodzi pamachita chotupa cholimba ndipo mankhwala salowanso bwino.

Zovuta zake ndi zenizeni. Imanenepetsa, imatha kutsitsa shuga mopitirira, ndipo imafuna kamakina kanu koyezera, pamene timapepala take n'todula. Nkhani ya firiji ndiyo imaopsa ambiri, makamaka kumudzi ndi kuno kozimazima magetsi. Mabotolo osatsegula amafunadi pozizira, madigiri 2 mpaka 8, koma osati mufiriza, chifukwa insulini ikaundana yatha ntchito. Botolo limene mukugwiritsa ntchito limapirira kuposa mmene tinkaganizira. Mu 2021 a bungwe la madokotala la MSF ndi yunivesite ya Geneva anaonetsa kuti pa kutentha kosinthasintha pakati pa madigiri 25 ndi 37, ngati kwa kumsasa wa othawa kwawo wa Dagahaley ku Kenya, insulini inakhalabe ndi mphamvu kwa masabata anayi. Kuika botolo m'kachitini kotseka bwino, n'kukaika mumtsuko wadothi wonyowa pamthunzi, kumathandiza. Padzuwa, pawindo kapena m'galimoto yotseka ndiye ayi.

Mankhwala atsopano, ndi a zitsamba

Amene muli ku Johannesburg kapena ku Britain, kapena mumapita kuzipatala zolipira, mumva za empagliflozin ndi dapagliflozin. Awa amachititsa impso kutaya shuga mumkodzo. Ubwino wawo waukulu suli pa nambala koma pa kuteteza mtima ndi impso: kafukufuku wa EMPA-REG wa 2015 anapeza kuti mwa odwala shuga amene anali kale ndi matenda a mtima, imfa za mtima zinatsika ndi 38 peresenti, ndipo mu 2021 WHO inawaika pa mndandanda wa mankhwala ofunikira. Amabweretsa mauka ndi kuyabwa kumalo obisika, komanso amafuna kumwa madzi okwanira. Ngati mtima kapena impso zayamba kuvuta ndipo thumba likulola, awa ndi oyenera kuwafunsa. Semaglutide, amene ambiri amamudziwa kuti Ozempic, ndi jakisoni wa kamodzi pa sabata amene amachepetsa chilakolako cha chakudya ndi thupi lomwe. Amagwira ntchito, koma mtengo wake ndi wosayamba, ndipo mu 2024 WHO inachenjeza kuti kwapezeka wachinyengo m'mayiko angapo. Wogula pa WhatsApp musamuyerekeze. Komanso mankhwala amene mungakwanitse mwezi umodzi, mwezi winawo ayi, akuposedwa ndi metformin amene simudumphitsa.

Za zitsamba ndinene mwachidule. Masamba a chammwamba ndi ndiwo zabwino, idyani. Koma madzi a nimu kapena botolo lopanda dzina lolembedwa kuti limachiza shuga, BP ndi kusabereka nthawi imodzi, palibe akudziwa mlingo wake ngakhale zimene likuchita ku impso zanu. Ngozi yaikulu ndi yakuti munthu amasiya mapiritsi, ndipo poti shuga sapweteka, amaona ngati wachira. Mapemphero nawo sakangana ndi mapiritsi. Amene akuti wakuchizani, mupite mukayezetse mukumwabe mankhwala, adokotala ndiwo achepetse akaona nambala.

Zimene nambala ya shuga siikuuzani

Kwa ambiri cholinga ndi shuga wa m'mawa wa pakati pa 4 ndi 7, ndi HbA1c ya cha m'ma 7 peresenti. Kwa okalamba amalekerera kuti ikwereko pang'ono, chifukwa kugwa ndi shuga wotsika n'koopsa kuposa nambala yokwererapo. Koma odwala shuga ambiri amatengedwa ndi sitiroko, mtima ndi impso, choncho mapiritsi a BP ndi ochepetsa mafuta m'magazi, mukapatsidwa, ndi ofunika mofanana ndi a shuga. Mchere uchepe, fodya asiyidwe. Chifuwa chokhalitsa chiyezedwe msanga, poti shuga amachulukitsa pafupifupi katatu mpata wodwala TB. Maso aonedwe kamodzi pa chaka ngakhale mukuona bwino.

Nambala zonse zilembedwe m'kabuku kanu ka kuchipatala, ndipo muzipita kukatenga mankhwala akadalipo a sabata imodzi, kuti mukapeza atha mukhale ndi mpata wofufuza kwina kapena kugula kufamase. Osabwereka mapiritsi a aneba, chifukwa awo akhoza kukhala glibenclamide pamene anu ndi metformin.

Mapazi muziwayang'ana madzulo alionse, pansi pake ndi pakati pa zala, ndipo ngati simutha kuwerama wina akuonereni. Phazi la dzanzi limaponda minga kapena khala la moto osamva. Musayende opanda nsapato ngakhale pabwalo, gwedezani nsapato musanavale, ndipo nyengo yozizira musaotche mapazi pafupi ndi mbaula. Kachilonda kakatha masiku awiri osasintha, kapena pakayamba kutupa, kutentha kapena kununkha, pitani kuchipatala tsiku lomwelo, osadikira deti la kukliniki.